Mafunso ndi mayankho: anakizimu ndi komyunizimu, pachibale kapena adani?

Anthu ambiri akamva mawu oti komyunizimu chimabwera m'mutu ndi Stalin, ndende zozizira za ku Siberia ndi chipani chimodzi cholamula chilichonse mpaka mtengo wa buledi, ndipo akamva anakizimu amaganiza za anyamata ovala zakuda akuphwanya magalasi a masitolo. Nde ukawauza kuti zinthu ziwirizi zinayamwa bere limodzi amakuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. Koma ndi zoona ndithu. Apa ndasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika, ndiyankha mmene ndikuionera ine ndipo sindibisa kumene mtima wanga wapendekera.

Choyamba, anakizimu ndi chani? Si chipwirikiti chabe?

Ayi. Mawuwa anachokera ku Chigiriki ndipo tanthauzo lake ndi loti popanda wolamula, osati popanda dongosolo. Munthu woyamba kudzitchula yekha poyera kuti ine ndine anakisiti anali Mfalansa Pierre-Joseph Proudhon m'chaka cha 1840, yemwe uja ananena kuti kukhala mwini chuma ndi umbava. Sankanena za khasu lako kapena bulangete lako ayi, ankanena za munthu amene ali ndi munda kapena fakitale imene iye sagwiramo ntchito koma amadya thukuta la ena chifukwa choti ali ndi pepala lonena kuti malowo ndi ake.

Apa pali vuto limodzi la chilankhulo chathu lofunika kulikonza msanga apo ayi tisokonezana mpaka kumapeto. Ife timangoti boma, kaya tikunena pulezidenti ndi nduna zake, kaya ofesi ya DC, kaya tauni imene kuli ofesiyo. Koma anthu awa akamati sakufuna boma sakunena za chipani chimene chikulamula lero chokha, akunena chimakina chonse chimene chimatsala olo pulezidenti asinthe: asilikali, polisi, makhoti, ndende, okhometsa msonkho, ndi mphamvu yoti anthu ochepa apange chiganizo kenako ena onse amvere kaya afune kaya asafune. Ma anakisiti amati chimakina chimenechi chichoke, m'malo mwake pakhale misonkhano ya anthu pamalo pamene akukhala ndi pamene akugwira ntchito, nthumwi zotumidwa ndi mawu enieni a anthu zimene zingachotsedwe tsiku lililonse, ndipo midzi ndi mafakitale zizigwirizana mwa kufuna kwawo kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Nanga komyunizimu? Ija si boma kulamula zonse?

Apa mpamene ambiri amadabwa. Komyunizimu mmene anailongosolera Karl Marx ndi Friedrich Engels ndi dziko limene mulibe gulu la eni chuma ndi gulu la aganyu awo, minda migodi ndi mafakitale ndi za onse, ndalama zatha ntchito, ndipo boma kulibe. Inde, kulibe. Engels analemba kuti bomalo silidzachita kuthetsedwa ndi lamulo koma lidzafota lokha likadzasowa ntchito. Olo Soviet Union yeniyeniyo sinanenepo kuti yafika pa komyunizimu, inkati ili pa sosholizimu, panjira, ndipo mu 1961 Nikita Khrushchev analonjeza kuti pofika cha m'ma 1980 adzakhala atafika. Dzikolo linagwa mu 1991 lisanafike.

Ndiye amagwirizana pa zinthu ziti kwenikweni?

Pa zambiri kuposa mmene iwo eni amavomerera akakwiya. Onse amati ntchito yolembedwa ndi bwana ndi kudyerana masuku pamutu, wogwira ntchito amapanga chuma chochuluka kuposa malipiro ake ndipo chotsalacho chimalowa m'thumba la mwini fakitale. Onse amati boma si oweruza mpira wosakondera koma ndi mlonda wa chuma cha olemera. Onse amati ogwira ntchito adzimasule okha, asadikire munthu wachifundo, ndipo amati wa mumgodi wa ku Germany ndi wa mumgodi wa ku France ndi abale kuposa mmene aliyense alili ndi bwana wa dziko lake. Mfundo yotchuka ija yoti aliyense apereke monga mwa mphamvu zake, aliyense alandire monga mwa kusowa kwake, Marx anailemba mu 1875 koma sanaiyambitse ndi iye, inali ikuyenda kale pakati pa a sosholizimu a ku France, ndipo ma anakisiti ambiri anaitenga ngati yawo.

Chinthu chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Mikhail Bakunin, anakisiti wa ku Russia amene anali mdani wamkulu wa Marx, anayamba kumasulira buku la Marx la Capital m'Chirasha, sanalimalize koma anayamba, ndipo ankavomera poyera kuti pa nkhani za chuma Marx anali patsogolo pake kutali. Mtaliyana Carlo Cafiero, anakisiti weniweni, analemba chidule cha buku lomwelo ali m'ndende kuti anthu wamba a ku Italy alimve, chinatuluka mu 1879 ndipo Marx anachiyamikira. Chibale ndi fupa sichiwola, olo abalewo atukwanizane.

Nanga anapatukana liti, ndipo chinavuta ndi chani?

Mu 1864 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la ogwira ntchito a mayiko osiyanasiyana, limene lero timalitchula kuti First International. Munali aliyense, a mayuniyoni a ku Britain, otsatira Proudhon, otsatira Marx, ndipo Bakunin analowa mu 1868. Mkangano unakula pang'onopang'ono, mbali ya Marx inkafuna kuti ogwira ntchito apange zipani zandale, aime pa zisankho pamene zingatheke, alande boma, komanso kuti khonsolo yaikulu ya ku London ikhale ndi mphamvu pa nthambi zonse. Mbali ya Bakunin, imene inali yamphamvu ku Spain, ku Italy ndi pakati pa okonza mawotchi a m'mapiri a Jura ku Switzerland, inkati khonsoloyo ikhale ofesi yolandira ndi kutumiza makalata basi, nthambi iliyonse izidzilamula.

Zinaphulika mu Seputembala 1872 pa msonkhano wa ku The Hague. Uwu ndi msonkhano waukulu wokhawo wa bungweli umene Marx anapitako yekha ndi miyendo yake, zikuonetsa mmene nkhaniyi inamukhudzira. Bakunin kunalibe, sakanatha kudutsa France kapena Germany osamangidwa. Anamuchotsa m'bungwe iye ndi mnzake James Guillaume, pomunena kuti akuyendetsa kagulu kachinsinsi mkati mwa bungwe, ndipo anakokeramonso nkhani ya ndalama zimene analandira zomasulira buku lija osamaliza ntchito. Kenako anavota kuti likulu lisamukire ku New York, kumene bungwelo linangofa pang'onopang'ono mpaka kutha mu 1876. Patangopita masiku ochepa otsutsawo anakumana ku Saint-Imier ku Switzerland nkuyamba lawo.

Ndinene chilungamo apa, palibe woyera pa awiriwa. Marx anasewera mpira wakuda pokonza mavoti. Bakunin naye kagulu kachinsinsiko anali nako ndithu, munthu wolalikira kuti pasakhale olamula koma iye nkumakonda timagulu tobisika totsogolera ena osadziwa, ndipo pomutukwana Marx analemba zinthu zonyansa zodana ndi Ayuda. Proudhon naye ankanyoza amayi kuti malo awo ndi kukhitchini, mpaka anakisiti mnzake Joseph Déjacque anamulembera kalata yomudzudzula mu 1857. Amene amakonda maganizo a anthuwa asamabise zimenezi.

Tisiye za maumunthu awo, mkangano weniweni wa maganizo unali pati?

Pa njira. Kumene akupita nkumodzi koma wina akuti tidzere uku wina akuti njira imeneyo sifika. A Marx amati olemera sadzapereka mafakitale akumwetulira, adzabwera ndi mfuti ndi asilikali a mayiko ena, nde ogwira ntchito akuyenera kugwira boma kwa kanthawi, kuligwiritsa ntchito ngati chibonga chophwanyira otsutsa, kukonza chuma, kenako magulu a olemera ndi osauka akatha boma lidzafota. Nthawi yapakati imeneyi anaitchula kuti ulamuliro wa ogwira ntchito.

Bakunin mu 1873 anafunsa funso limene mpaka lero silinayankhidwe bwino. Anati kodi ogwira ntchito mamiliyoni onsewo adzakhala m'boma? Ayi, adzakhala ochepa oimira anzawo, ndipo munthu amene dzulo anali pa makina lero wakhala pa mpando sakhalanso wogwira ntchito, amayamba kuona anzake aja kuchokera pamwamba, amateteza mpando wake, ndipo choopsa kwambiri nchoti adzalamula m'dzina la sayansi ndi m'dzina la anthu nde womutsutsa aliyense adzatchedwa mdani wa anthu. Palibe boma limene limadzipha lokha. Marx anawerenga bukulo nkulemba mayankho ake m'kope, pa mfundo iyi anati wogwira ntchito sasiya kukhala wogwira ntchito monga mmene mwini fakitale sasiyira kukhala kapitalisiti akasankhidwa kukhala khansala. Ine yankho limeneli silindikhutitsa olo pang'ono, chifukwa mwini fakitale akakhala khansala fakitale yake ilipobe ikumudyetsa, pamene wogwira ntchito akakhala nduna chimene chikumudyetsa tsopano ndi undunawo.

Koma Engels nayenso anaponya mwala wolemera. Anafunsa kuti sitima yapamadzi ili pakati pa namondwe mudzaitanitsa msonkhano kuti muvote? Nanga njanji, sitima ziziyenda nthawi imene aliyense wafuna? Ndipo anati kuukira boma pakokha ndi chinthu chokakamiza kwambiri padziko, gulu lina likukakamiza gulu lina ndi mfuti, nde musamanamizire kuti mulibe ulamuliro. Ma anakisiti amayankha kuti kumvera katswiri pa ntchito yake, monga mmene umamvera wosoka nsapato pa nkhani ya nsapato, nkosiyana ndi kumupatsa polisi ndi ndende. Yankholi ndi labwino pa sitima ndi njanji. Pa nkhondo limalemera, tiona ku Spain.

Bwanji onse awiri amatamanda Paris Commune?

Chifukwa aliyense amaonamo nkhope yake. Kuyambira 18 Malichi mpaka 28 Meyi 1871, masiku 72, anthu a mu Paris anadziyendetsera mzinda okha. Anathetsa gulu la asilikali okhazikika nkuika anthu wamba onyamula zida, akuluakulu onse ankasankhidwa ndipo akanatha kuchotsedwa, malipiro awo anaikidwa malire kuti asatalikirane ndi a mmisiri, anathetsa ntchito yausiku m'mabekale, mafakitale amene eni ake anathawa anati aperekedwe kwa ogwira ntchito. Asilikali a boma atalowa anapha anthu masauzande ambiri pa sabata imodzi.

Ma anakisiti anati mwaona, mzinda wodzilamula, ndi zomwe timanena zija. Marx anati uwu ndiwo mtundu wa ulamuliro wa ogwira ntchito, ndipo mu 1872 iye ndi Engels analemba kuti Commune yaonetsa kuti ogwira ntchito sangangotenga chimakina cha boma mmene chilili nkuyamba kuchiyendetsa. Pamenepa mpamene mbali ziwirizi zinayandikirana kwambiri, pafupifupi kugundana mapewa. Louise Michel, mphunzitsi wamkazi amene anamenya nawo nkhondo m'misewu ya Paris, anatumizidwa ku ukaidi ku New Caledonia ndipo anabwerako ali anakisiti wotheratu.

Ndamvapo za anako-komyunizimu, ndi kusakaniza ziwirizi?

Si kusakaniza ngati thobwa ndi shuga ayi, ndi nthambi yaikulu ya anakizimu imene imati komyunizimu inde, boma ayi, ndipo tiyambe lero osati mawa. Bakunin yekha ankati zipangizo zikhale za onse koma aliyense azilandira molingana ndi ntchito imene wagwira. Amene anabwera pambuyo pake, Cafiero, Errico Malatesta, Élisée Reclus ndi Peter Kropotkin, anati zimenezo zibweretsanso mavuto omwewo, adzayeza ndani kuti ola la dokotala ndi lofanana ndi maola angati a wokumba ngalande, ndipo woyezayo sadzakhala boma latsopano? Nanga wodwala, nkhalamba, mayi woyamwitsa? Nthambi ya ku Italy inavomera komyunizimu mu 1876, ya ku Jura mu 1880.

Kropotkin anali mwana wa banja lachifumu ku Russia, katswiri wa mapu amene anayenda kwambiri ku Siberia, anakana zonsezo, anamangidwa nkuthawa m'chipatala cha ndende mu 1876. Mfundo yake inali yoti chuma chilichonse chimene tili nacho chinapangidwa ndi mibadwo yambirimbiri, amene anagwetsa nkhalango, anakumba migodi, anatulukira makina, nde palibe angaloze kuti gawo ili ndi langa ndekha. Ndipo ankati kuukira kulikonse kumagwa kapena kuima pa nkhani ya chakudya, sabata yoyamba anthu adye, osati kuyamba ndi kukangana za malamulo anthu ali ndi njala. Mu 1902 anatulutsa buku lotsutsa amene ankati chilengedwe ndi kulimbana kokhakokha, iye anati nyama ndi anthu zimapulumuka kwambiri pothandizana.

Ku Russia mu 1917 anali mbali imodzi kapena?

Poyamba inde. Lenin, mtsogoleri wa chipani cha Bolshevik chotsatira Marx, atalemba mu 1917 kuti chimakina cha boma chiphwanyidwe, akuluakulu azilandira malipiro a wogwira ntchito ndipo mphamvu zonse zipite ku masoviyeti, amene anali makhonsolo a ogwira ntchito, asilikali ndi alimi, anzake ena a Marx anamunena kuti walowa ufumu wa Bakunin. Ma anakisiti ambiri anamenya nawo nkhondo mu Okutobala pamene a Bolshevik ankalanda boma. Koma mu Epulo 1918 apolisi achinsinsi a Cheka anaukira nyumba za ma anakisiti ku Moscow. Ku Ukraine kunali Nestor Makhno, mwana wa alimi osauka wa ku Huliaipole, amene gulu lake lankhondo la mbendera yakuda linathandiza kwambiri kugonjetsa akazembe a White Army, gulu lankhondo lolimbana ndi a Bolshevik, Denikin kenako Wrangel. Anagwirizana kangapo ndi Red Army, asilikali a Bolshevik, ndipo Wrangel atangogonja kumapeto kwa 1920 a Bolshevik anawatembenukira, akuluakulu ena a Makhno anagwidwa nkuwomberedwa, iye anathawa mu Ogasiti 1921 nkukafera ku Paris mu 1934 ali mmphawi.

Chithunzi chimene sichindichoka m'mutu ndi maliro a Kropotkin pa 13 Febuluwale 1921 ku Moscow. Kunja kukuzizira koopsa, anthu masauzande akuyenda pa chipale kupita ku manda a Novodevichy atanyamula mbendera zakuda, ndipo pakati pawo pali ma anakisiti ochepa amene anatulutsidwa m'ndende tsiku lomwelo lokha, atalonjeza kuti akaika maliro abwerera, ndipo anabwereradi madzulo ake kukadzipereka okha. Emma Goldman, amene America inamuthamangitsa mu 1919 ndipo anafika ku Russia ali ndi chiyembekezo chodzaza mtima, analankhula pamandapo. Kanali komaliza kuti ma anakisiti ayende poyera m'dzikolo kwa zaka zoposa 60.

Patangotha masabata awiri ndi masiku pang'ono asilikali apamadzi a ku Kronstadt, omwe aja anali patsogolo mu 1917, anaukira. Sankafuna mfumu ibwerere ayi, ankafuna zisankho zatsopano za masoviyeti mwachinsinsi, ufulu wolankhula kwa ogwira ntchito, alimi, ma anakisiti ndi zipani zina za sosholizimu. Red Army inadutsa pa nyanja youma ndi chisanu nkuwaphwanya pakati pa Malichi. Otsatira Lenin ndi Trotsky mpaka lero amati panalibe kuchitira mwina, dziko linali litazingidwa, njala ili pakhomo, Kronstadt ikanagwa adani akanalowera pomwepo. Mfundoyi ndimaimva, koma mwezi womwewo chipani chinaletsanso magulu otsutsa mkati mwa chipani chenichenicho, ndipo lamulo limenelo silinachotsedwe nkhondo itatha.

Nanga ku Spain, sikumene ma anakisiti anayesa zawo?

Kumeneko ndiye kunali mayeso enieni. Yuniyoni ya ma anakisiti ya CNT, imene inayamba ku Barcelona mu 1910, inali ndi mamembala mazanamazana a masauzande. Asilikali a kazembe Franco ataukira boma mu Julaye 1936, anali ogwira ntchito amene anawagonjetsa m'misewu ya Barcelona, ndipo kutacha anapezeka kuti mzinda uli m'manja mwawo. Matramu, tisitima ta m'misewu ya mu mzinda, anayambanso kuyenda pasanathe masiku ambiri akuyendetsedwa ndi ogwira ntchito okha, mafakitale a nsalu, malo ometera tsitsi, mahotela kusanduka malo odyera anthu wamba. Kumidzi ya ku Aragon alimi anaphatikiza minda, midzi ina inathetseratu ndalama, banja lili ndi kabuku kake, umapita ku sitolo ya mudzi imene nthawi zina inali m'tchalitchi chakale, amalemba buledi mafuta ndi nsapato zimene watenga molingana ndi kukula kwa banja lako. Ena analowa mokondwa, ena analowa chifukwa asilikali a CNT anali pafupi ndi mfuti, ndipo ansembe ambiri anaphedwa miyezi yoyambayo, zimenezi zinachitika ndipo nzoipa.

Tsono funso la Engels lija linabwera ndi nsapato zake. Nkhondo ikufuna zipolopolo, ndege, ndalama zakunja, ndipo Britain ndi France anakana kugulitsa zida pamene Hitler ndi Mussolini ankathandiza Franco. Amene anabweretsa zida zambiri anali Stalin, nde chipani cha komyunisiti chimene chinali chaching'ono chinakula msangamsanga, ndipo mzere wake unali woti tipambane nkhondo kaye, zosintha dziko pambuyo. Mu Novembala 1936 ma anakisiti anayi analowa m'boma kukhala nduna, Federica Montseny wa zaumoyo, Juan García Oliver wa zachilungamo, munthu amene anakhalapo m'ndende zaka zambiri tsopano akuyang'anira ndende. Taganizani, anthu okana boma kukhala nduna. Sanachite chifukwa cha dyera, anaona kuti akakhala kunja adzamanidwa zida.

Pa 3 Meyi 1937 malole a apolisi otsogozedwa ndi mkulu wa polisi wa chikomyunisiti anaima pa nyumba ya matelefoni pa Plaça de Catalunya, imene ogwira ntchito a CNT ankaiyang'anira kuyambira Julaye ndipo ankatha kumvetsera mafoni a akuluakulu a boma. Apolisi analanda chipinda chapansi, apamwamba anayamba kuwombera, pofika madzulo mzinda wonse unali ndi zotchinga za miyala m'misewu. Anthu mazana anafa pa masiku ochepa, onse odana ndi Franco, kuphana okhaokha, nduna za CNT zikuchonderera pa wailesi kuti anthu awo atule zida. Anakisiti wa ku Italy Camillo Berneri anatengedwa kunyumba nkupezeka ataphedwa. Andreu Nin, mtsogoleri wa POUM, chipani cha Marx chodana ndi Stalin chimene chinaima ndi ma anakisiti, anagwidwa mu Juni nkuphedwa ndi anthu a Stalin. Mu Ogasiti asilikali a Enrique Líster analowa ku Aragon nkuphwanya khonsolo ya kumeneko ndi minda yambiri yophatikizana ija. Franco anapambana mu 1939.

Ndiye inuyo mukuti analondola ndani?

Pa chenjezo, Bakunin. Zimene ananena mu 1873 zinachitika pafupifupi ndendende, ndipo osati ku Russia kokha, boma la chipani silinafote kulikonse kumene linadzalidwa, linangomera mizu ndi minga. Ine ndimakhulupirira kuti njira imaumba kumene ukupita, sungaphunzitse anthu kudzilamula powalamula zaka 70, ndipo chipani chimene chazolowera kutseka pakamwa anzake pa nthawi ya nkhondo sichidzawatsegula pa nthawi ya mtendere.

Koma sindingaime apa ngati nkhani yatha, chifukwa ma anakisiti sanapambanepo nkhondo yaikulu ndi kusunga zimene anamanga kupitirira zaka zochepa, ndipo wakufa alibe ufulu. Makhno yemweyo ali ku Paris mu 1926, pamodzi ndi Peter Arshinov, Ida Mett ndi ena, analemba kuti tinagonja chifukwa tinali omwazika, tikufunika bungwe limodzi la mfundo imodzi ndi mwambo. Malatesta ndi ena anamuyankha kuti m'bale, ukutibweretsera chipani cha Bolshevik chovala zakuda. Mkangano umenewo ukadalipo pakati pawo. Nde mbali imodzi ili ndi yankho la momwe ungagonjetsere adani koma ilibe la momwe ungachotsere opambanawo pampando, inayo ili ndi lachiwiri koma loyamba likuivuta, ndipo ine amene ndimamukayikira kwambiri ndi amene amalankhula ngati mbali yake ilibe bala.

Alipo a Marx amene anayandikira ku anakizimu?

Ambiri. Rosa Luxemburg, ali m'ndende ku Germany mu 1918, anachenjeza a Bolshevik kuti popanda zisankho ndi ufulu wa atolankhani moyo udzafa m'masoviyeti nkutsala maofesi okha, ndipo ufulu weniweni ndi wa amene akuganiza mosiyana nawe. Sanali anakisiti, ankawatsutsa, koma apa analankhula ngati iwo. Anton Pannekoek wa ku Netherlands, katswiri wa nyenyezi, ndi anzake anati makhonsolo a ogwira ntchito ndiwo alamule osati chipani, ndipo Lenin anawalembera kabuku mu 1920 kowanena kuti akudwala matenda a ana. Kunalinso oyenda njira yobwerera, Victor Serge anali anakisiti nkulowa Bolshevik kenako Stalin nkumumanga, ndipo ku China achinyamata ambiri amene anadzayambitsa chipani cha komyunisiti mu 1921 anayamba awerenga Kropotkin, Mao yekha anavomera kuti ali mnyamata anakopeka nazo.

Tchuthi cha pa 1 Meyi chikukhudzana bwanji ndi zimenezi?

Chimachokera kwa ma anakisiti, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi cha Soviet Union chifukwa cha maperete a ku Moscow aja. Pa 1 Meyi 1886 ogwira ntchito ku America ananyanyala kufuna maola 8 patsiku. Pa 4 Meyi ku Haymarket mu Chicago munthu wosadziwika anaponya bomba kwa apolisi, boma linagwira ma anakisiti 8 popanda umboni woti ndiwo anaponya, anayi ananyongedwa pa 11 Novembala 1887, ndipo mu 1893 bwanamkubwa John Peter Altgeld anamasula atatu amene anali akadali m'ndende nkunena kuti mlandu sunayende mwachilungamo. Mu 1889 msonkhano wa zipani za sosholizimu ku Paris unasankha 1 Meyi kukhala tsiku la ogwira ntchito padziko lonse. Bungwe lomwelo mu 1896 ku London linatsekera ma anakisiti kunja. Nde mukamapuma pa 1 Meyi ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Tete, tsikulo linagulidwa ndi makosi a anthu amenewa.

Mkanganowu unafikako kuno kummwera kwa Africa?

Unafika, ndipo pakati pake panali mwana wa ku Nkhata Bay. Clements Kadalie, wophunzira ku Livingstonia, anapita ku Cape Town ndipo mu 1919 anayambitsa yuniyoni ya ICU ndi ogwira ntchito padoko, imene pofika 1927 inali ndi mamembala pafupifupi 100,000, bungwe lalikulu kwambiri la anthu akuda nthawi imeneyo. Ganizo lake la yuniyoni imodzi yaikulu ya onse linachokera ku IWW ya ku America, bungwe la 1905 limene munali ma anakisiti ndi a Marx pamodzi, lokhulupirira kuti ogwira ntchito adzalanda mafakitale kudzera mu yuniyoni ndi sitiraka osati kudzera mu palamenti. Ku Johannesburg maganizo omwewa anabala Industrial Workers of Africa mu 1917, ndipo ena mwa anthu a m'magulu amenewa ndi omwe anadzalowa chipani cha komyunisiti cha South Africa chitayamba mu 1921. Kadalie sanali anakisiti, anali munthu wosakaniza zambiri, ndipo mu Disembala 1926 ICU inachotsa ma komyunisiti m'maudindo, James La Guma, John Gomas ndi E. J. Khaile. Koma apa chifukwa chake sichinali cha Bakunin, Kadalie ankapendekera ku mayuniyoni ofatsa a ku Britain ndipo ma komyunisitiwo ankafunsa za kayendetsedwe ka ndalama ndi kufuna masitiraka ambiri. Pasanathe zaka zochepa ICU inagawanika.

Ena amati zonsezi ndi umunthu wathu wakale womwewu, dima ndi kudyera mbale imodzi. Nzoona?

Pali kufanana, ndipo Kropotkin akanaona anthu akulima dima m'munda wa mnzawo lero mawa wa wina, kapena mudzi wonse ukusonkha ufa ndi nkhuni pamaliro popanda wolemba risiti, akanati ndi zimene ndikunena. Koma tisathamange. Mudzi uli ndi mfumu yogawa malo ndi kuweruza milandu, uli ndi akulu amene mawu awo mwana kapena mkamwini sangawatsutse, ndipo anakisiti angafunse za mphamvu zimenezonso. Julius Nyerere anayesa kumanga sosholizimu pa maziko a mudzi ndi Ujamaa kuyambira 1967, poyamba anati anthu alowe mwa kufuna kwawo, koma anthu atachedwa boma linalamula mu 1973 kuti onse asamukire m'midzi yatsopano, ndipo mamiliyoni anasamutsidwa, ena ndi malole a asilikali nyumba zawo zikugwetsedwa. Midzi ya Ruvuma imene alimi anaiyambitsa okha ndipo inkayenda bwino, chipani chinali chitathetsa kale bungwe lake mu 1969.

Lero alipo amene akuyesabe kuyenda pakati pa ziwirizi?

Alipo. A Zapatista ku Chiapas, Mexico, anayamba ngati kagulu ka zigawenga za Marx m'nkhalango, koma atakhala ndi anthu a mtundu wa Maya anasintha, ndipo chiukireni pa 1 Januwale 1994 sanafune kulanda boma la Mexico, amayendetsa midzi yawo, masukulu ndi zipatala kudzera m'misonkhano ndi maudindo osinthana, iwo amati kulamula momvera. Sadzitchula ma anakisiti ndipo sakonda kupatsidwa dzina ndi alendo. A Kurd a PKK anayamba mu 1978 ngati chipani cha Marx ndi Lenin, mtsogoleri wawo Abdullah Öcalan ali m'ndende ku Turkey anawerenga Murray Bookchin, wa ku America amene anali komyunisiti ali mnyamata kenako anakisiti, nkusiya zofuna boma la Kurd kuyamba kulalikira makhonsolo a m'midzi ndi udindo uliwonse kukhala ndi mwamuna ndi mkazi. Kumpoto kwa Syria anayesa zimenezi kuyambira 2012 ali pakati pa nkhondo, ndipo mafunso aja anawapezanso, chipani chimodzi champhamvu kuposa makhonsolo, kulemba anyamata usilikali mokakamiza, ndi kudalira ndege za America kuti agonjetse ISIS ku Kobani mu 2015.